Momwe mungakhalire katswiri wa malamulo a zamalonda ndi kayendetsedwe ka boma

Maloya ambiri kuno akangomaliza maphunziro amathamangira milandu ya malo, ngongole ndi chuma chamasiye. Ntchitoyo ndi yofunika, koma malamulo a zamalonda pakati pa mayiko akusowa anthu. Malawi ndi membala wa WTO, bungwe loona za malonda padziko lonse, kuyambira 1995, ali mu SADC ndi COMESA, ndipo mu 2021 adavomereza AfCFTA, pangano lopeputsa malonda pakati pa mayiko a mu Africa. Mapangano onsewa amafuna Amalawi oti aziwaphunzitsa, kuwafufuza ndi kutiimira pa zokambirana.

Za digiri yoyamba ya malamulo sindichedwapo, mukuzidziwa kale.

Choyamba, gwirani ntchito zaka ziwiri pamalo pomwe malamulowa amagwira ntchito tsiku ndi tsiku: ku Unduna wa Zamalonda, ku Competition and Fair Trading Commission, ku PPDA komwe amayang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, kapena kwa maloya omwe amakonda kupita ku khoti la zamalonda ku Blantyre. Ambiri sadziwa kuti bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda likulu lake lili ku Lilongwe konkuno. Ngakhale malipiro akhale ochepa, zaka ziwirizo musazinyoze, chifukwa thandizo la maphunziro ngati la Chevening, lochokera ku boma la Britain, limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Chachiwiri, sankhani funso limodzi laling'ono loti mulifufuze. Mukalembera sukulu kuti mukufuna kuphunzira "malonda mu Africa", palibe adzakuyankheni. Pitani pa chipata cha Mchinji mukacheze ndi amayi ochita geni yodutsa malire. COMESA ili ndi ndondomeko yowapeputsira mapepala a kasitomu, nanga n'chifukwa chiyani ena amadzerabe njira zamadulira? Kapena tengani mkangano wa mu 2025, pomwe Malawi adaletsa katundu wina wakunja ndipo Tanzania idabwezera potseka zokolola zathu. Malamulo a SADC amati chiyani pa chiletso chotere? Mafunso otere ndi omwe amakopa mapulofesa.

Chachitatu, sukulu. University of Pretoria ya ku South Africa ili ndi digiri yachiwiri (LLM) ya malamulo a zamalonda ndi kuika ndalama mu Africa. Ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kuli trapca, malo ophunzitsira ndondomeko za malonda pa sukulu ya ESAMI, omwe adakhazikitsidwa mogwirizana ndi Lund University ya ku Sweden. Ku Bern, m'dziko la Switzerland, kuli World Trade Institute, koma kopanda thandizo n'kodula zedi, makamaka chichokereni pomwe kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Musanalipire mayeso a Chingerezi a IELTS, funsani ngati sukuluyo ingalandire kalata yotsimikizira kuti mudaphunzira m'Chingerezi. Zina zimalola, ndipo ndalamayo imapulumuka.

Tsopano mapepala. Apa tcherani khutu, chifukwa ine ndi pomwe padandidyera chaka chathunthu. Sukulu zimafuna makope a satifiketi ndi a zotsatira za mayeso otsimikizidwa ndi wolumbiritsa wovomerezeka. M'matauni mwadzaza adobadoba okhala ndi timaofesi ta kompyuta imodzi ndi makina a fotokope, olonjeza kukonza zonse tsiku lomwelo. Wina wotere adandikonzera mapepala anga. Chidindo chidali chooneka bwino, chofiirira, siginecha yokhotakhota pamwamba pake, koma dzina la wolumbiritsayo silimawerengeka ndipo tsiku padalibe. Sukulu idabweza mapepalawo kutatsala masiku ochepa kuti atseke kulandira, ndipo pomwe ndimakonza ena nthawi idali itatha. Mkulu uja foni adasiya kuyankha.

Choncho pitani nokha, mutanyamula satifiketi yeniyeni, kwa loya yemwe ali ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho. Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa, onanipo dzina lake musanapereke ndalama. Tsamba lililonse lidindidwe palokha, dzina ndi tsiku zioneke. Zotsatira za mayeso itanitsani kudakali miyezi itatu, chifukwa sukulu zina zimafuna kuti zichokere ku ofesi ya yunivesite yanu, osadzera m'manja mwanu. Aphunzitsi okulemberani kalata ya umboni auzeninso msanga, muwapatse CV ndi funso lanu lija, kenako muziwakumbutsa mwaulemu. Ndipo aliyense wonena kuti ali ndi m'bale wake mu komiti yosankha, msiyeni, akufuna ndalama zanu basi.

Mukapeza LLM, zotsalazo zimatsatana zokha. Dulani kafukufuku wanu akhale nkhani imodzi, muitumize ku Malawi Law Journal kapena ku magazini ina yomwe akatswiri amaunika nkhani isanatuluke. Omwe amakutumizirani imelo yoti mulipire madola kuti asindikize sabata yomweyo, apeweni. Pemphani kuphunzitsa maola ochepa pa yunivesite, kenako PhD. Woyang'anira kafukufuku mulembereni musanatumize fomu.