Mmene mungatchunire gain pa ampu ya m'galimoto

Mukufuna kutchuna gain pa ampu (chida chowonjezera mphamvu ya mawu) osawotcha sabuwufa (sipika ya bass). Gain ndi kabatani kozungulitsa ka pa ampu, ntchito yake ndi kugwirizanitsa mphamvu yochokera ku wailesi ndi ampu, choncho musaiyese voliyumu.

Konzani multimeter (chida choyezera magetsi), sikuludiraiva yaing'ono, ndi test tone (kaphokoso koyesera kosasintha kamvekedwe) ya 50 Hz pa fulashi. Masipika a m'zitseko amafuna ya 1 kHz.

1. Chulukitsani ma watt a RMS a ampu (mphamvu imene imatulutsa mosalekeza) ndi ma ohm olembedwa pa sipika, mupeze square root yake, yomwe ndi ma volt amene mukufuna. Ampu ya 500 W pa 2 ohm ikupatsani 31.6 V. Ngati sipika ili ndi RMS yochepa kuposa ampu, werengerani ya sipikayo.
2. Chotsani mawaya a sipika pa ampu, bwezani gain pansi kotheratu, zimitsani bass boost ndi loudness.
3. Lizani injini, voliyumu ya wailesi ikhale pa magawo atatu mwa anayi.
4. Ikani multimeter pa AC, muigunditse polowera mawaya a sipika pa ampu, muyimbe tone ija.
5. Kwezani gain pang'onopang'ono mpaka multimeter ionetse ma volt amene munapeza pa sitepe yoyamba (31.6 V pa chitsanzo chathu). Zimitsani zonse, bwezerani mawaya.

Ambiri amalakwitsa pa sitepe yoyamba, potenga ma watt a "max" olembedwa pabokosi. Ampu imakakamizika, mawu amasweka, koyilo ya sipika imatentha n'kupsa. Mukayatsanso bass boost, tchunaninso gain.