Kusamalira mwana amene wapezeka ndi matenda a celiac

Dokotala akatsimikiza kuti mwana wanu ali ndi matenda a celiac, chithandizo chake ndi chimodzi chokha: kumusiyitsa kwa moyo wonse zakudya zokhala ndi gluten, mtundu wa puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu), chifukwa kwa wodwala celiac gluten ndi amene amawononga matumbo aang'ono mpaka mwana kumapinimbira. Buledi, mandasi ndi mabisiketi asadyenso. Mwamwayi, nsima, kondowole, mpunga, mbatata ndi nyemba zilibe vuto.

Povuta ndi pa tinthu ting'onoting'ono. Zitumbuwa za mgaiwa n'zabwino, koma zokazingidwa m'mafuta momwe munali mandasi musamupatse. Mugulireni sefa ndi mthiko zakezake, muziwerenga zolembedwa pa paketi ya supu ndi masoseji kuti muone ngati mulibe gluten, ndipo agogo ndi aphunzitsi muwafotokozere mwaulemu kuti kanyenyeswa ka buledi kamavulaza matumbo ngakhale mwanayo asadandaule tsiku lomwelo.