Momwe mungayendere ntchito zanu mumzinda wa Tete mvula ya mabingu ikayamba

Ife a kumtunda, kaya ku Ulongwe, Tsangano kapena Furancungo, mvula timaidziwa, koma ya mumzinda wa Tete ili ndi khalidwe lakelake. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumacha kuli ngwee, dzuwa lake loti thukuta limayamba musanatsike n'komwe mu chapa (minibasi), ndipo kumayambiriro kwa dzinja kutentha kumadutsa madigiri 40. Masana mitambo imaunjikana, kamphepo kafumbi n'kuyamba kuulutsa zinyalala, posakhalitsa misewu yasanduka mitsinje. Pa chaka chonse mvula ya mumzindawu ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Angonia, koma imatsika yambiri nthawi imodzi pa nthaka youma ndi yamiyala yomwe simwa madzi msanga. Ngati mwabwera kudzatenga BI (chiphaso cha unzika), kudzalipira kusukulu kapena kudzapikula katundu ku msika wa Kwachena, chitani motere.

Choyamba: yambani ndi za mapepala

Maofesi a boma amatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 15:30, pomwe mabingu nthawi zambiri amabwera dzuwa likapendeka. Ndiye khalani pa mzere m'mamawa, za kumsika zibwere pambuyo. Usiku wake mverani zanyengo za INAM, bungwe la boma loona zanyengo, pa Rádio Moçambique. Wailesi ya chigawo chino imaulutsanso m'Chinyanja.

Kumbukiraninso kuti Zambezi anaudula pakati mzindawu. Maofesi ambiri ali tsidya la kutawuni, pomwe njira yathu yobwerera kudzera ku Moatize ili tsidya la Matundo. Mlatho wa Samora Machel ndi wa 1973, njira imodzi yopita, imodzi yobwera. Malole akuluakulu anawasamutsira ku mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, komabe mvula ikangoyamba aliyense amafuna kuwoloka nthawi imodzi ndipo magalimoto amangokwawa. Malizani zonse za kutawuni, wolokani, tizinthu totsala mukagule tsidya linalo.

Chachiwiri: mangani mapepala musanachoke kunyumba

Apa ndi pomwe ine ndinaonera zakuda, choncho ndifotokoza bwinobwino. Ndinali nditagula chikwama chakumsana kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Anathira madzi a m'botolo pamwamba pake ine ndikuona, madziwo n'kungotsetsereka, ndipo ananditsimikizira kuti ngakhale mvula ya tsiku lonse singalowe. Nsaluyo inalidi yabwino. Madzi amalowera pa zipi ndi m'misoko, ndipo akalowa satulukanso, amakadikha pansi pa chikwama pomwe pamatsamira m'mphepete mwa mapepala. Mvula inandipeza ndikuchoka kotsimikizitsa mafotokope a setifiketi ya mwana wanga. Nditafika pakhonde n'kutsegula, inki ya chidindo inali itayenderera ngati yapakidwa ndi chala, siginecha yosawerengeka, masamba atamatana moti powalekanitsa limodzi linang'ambika pakona. Kumene ndinkawapereka anawakana, ndipo sindingawadandaule, pepala lopanda chidindo chooneka ndi pepala wamba. Ndinalipiranso fotokope, kulipiranso chidindo, kuwonjezera malo ogona ndi chakudya cha tsiku lomwe sindinalikonzekere.

Kuchokera pamenepo ndimachita chonchi. Pepala lililonse lofunika limalowa m'kathumba kapulasitiki koonekera mkati kaja ka mafayilo, kukamwa kwake kuloze pansi. Tonseto ndimatiika mu jumbo yolimba, kuipinda kukamwa kawiri, kenaka jumbo yachiwiri kuchokera mbali inayo. Musamange mfundo yokha, madzi amatsata makwinya a mfundoyo n'kulowa. Mtolowo usakhale pansi pa chikwama. Uimirire pakati pa zovala, kapena mvula ikayamba uikeni pachifuwa mkati mwa malaya. Amayi amene amamanga mapepala m'chiuno ndi kapulana, bola akhale mu pulasitiki, amafika nawo ouma kuposa ife a zikwama zodula.

Mapepala enieni ndi mafotokope ake asakhale m'thumba limodzi. Ndipo mukangolandira lisiti, makamaka timalisiti ta makina a kubanki kapena ta Credelec (togulira magetsi), tijambuleni pa foni pomwepo. Timapepala timeneti timafufutika ndi kutentha ngakhale mvula isanatikhudze.

Zikachitika kuti anyowa, musawalekanitse mothamanga ndipo musawapukute. Ayaleni pa nsalu youma, pamthunzi, muwasiye aume okha.

Chachitatu: ndalama ndi foni

Ndalama za 20, 50 ndi 100 meticais ndi zapulasitiki, madzi sazichita kanthu. Zimenezi ikani m'thumba la pafupi zolipirira chapa ndi txopela (kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu). Za 200, 500 ndi 1000 ndi zapepala, zipite mu jumbo limodzi ndi zikalata. Musadalire M-Pesa kapena e-Mola yokha, chifukwa kukachita mkuntho magetsi amatha kuzima, netiweki n'kumavuta, wothandiza pa kambulera uja n'kulongedza kuthawa mvula.

Timatumba ta foni tomwe amagulitsa m'misika tina ndi tabwino, tina timang'ambika pa msoko tsiku loyamba. Kayeseni kunyumba: ikanimo kapepala kouma, viikani mu ndowa. Ambulera gulani kukadali dzuwa. Mvula ikangodontha mtengo umakwera, ndipo omwe amatulukira nthawi imeneyo ndi aja a nthiti zofewa amene mphepo yoyamba imawatembenuza. Kwa munthu wonyamula katundu, chikhoti chamvula chokhala ndi chipewa chimaposa ambulera.

Chachinayi: kukagunda bingu, lowani m'nyumba

Mphezi imapha anthu dzinja lililonse m'dziko muno, ndipo bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD limachenjeza chaka ndi chaka. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga mpaka mumve kugunda: masekondi 3 alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Mukalephera kufika 30, ili pafupi mokwanira kukupezani. Lowani m'nyumba yeniyeni ya makoma, sitolo, banki, tchalitchi. Mkati mwa chapa kapena galimoto yotseka mawindo ndi mwabwinonso. Pansi pa mtengo ayi, ngakhale utakhala mlambe waukulu bwanji. Kashedi ka malata kopanda makoma kamangokutchingani madzi, mphezi sikaitchinga. Pa njinga yamoto tsikani, ndipo musayambe kuwoloka mlatho wapansi nthawi imeneyo.

Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ndikudziwa kuti mtima umakhala pa chapa yomaliza ya ku Ulongwe, koma mvula yamtunduwu kawirikawiri sichedwa kukata. Mukuusa mvulayo musalumikize foni ku magetsi, ndipo mugulepo kenakake kwa mwini sitolo yemwe wakusungani.

Chachisanu: madzi oyenda

Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Choopsa china ndi chobisika pansi: ngalande zopanda zivundikiro, mabotolo osweka, nthambo za magetsi zogwa. Yendani pomwe mukuona nthaka. Malo otsika ngati chigwa cha Nhartanda amasonkhanitsa madzi a m'mapiri ozungulira, zungulirani ngakhale njira italike. Mapatapata amatengedwa ndi madzi. Valani nsapato zomanga.

Revubue, mtsinje wa panjira ya ku Moatize, ndiye musamuyese n'komwe. Amadzaza ndi mvula ya kwathu kumtunda ngakhale ku Tete kusanagwe dontho. Mu Malichi 2019 anasefukira usiku n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wake wopita ku Moatize. Akanena pa wailesi kuti mtsinje wakwera, funsani madalaivala ochokera kumeneko musanakwere.

Chachisanu ndi chimodzi: kubwerera

Katundu woopa madzi monga shuga, mchere, ufa ndi simenti alowe mkati mwa galimoto, asapite pamwamba kapena m'ngolo ya kumbuyo pokhapokha muone lona ndi maso anu. Gwirizanani mtengo wa txopela musanakwere. Kukada muli mumzinda, gonani kwa achibale, msewu wa ku Mussacama si woyenda usiku kuli mvula. Mukafika sambani mapazi ndi sopo, madzi a m'misewu amasakanikirana ndi a m'zimbudzi, ndipo foni ikanyowa izimitseni, musaitchaje mpaka iume.