Khungu likayamba kusupuka mutangoyamba mankhwala atsopano, chitani izi

Abale anga, kuno ku Dedza kukazizira aliyense amangoti ndi chimfine, nde mlamu wanga atayamba kutentha thupi, kukhosi kuwawa, maso psuu, tinangomufunditsa bulangete. Patapita masiku awiri milomo yonse zilonda, matuza pamsana, ukangokhudza khungu likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Anali atatha sabata ziwiri akumwa Bactrim.

Matendawa amatchedwa Stevens-Johnson, ndipo chimachitika nchakuti chitetezo cha mthupi chimalusa ndi mankhwala nkuyamba kupha maselo a khungu lapamwamba. Adokotala akadula kachidutswa ka khungu nkukaika pa maikulosikopu amaona maselo akufa, poyamba limodzilimodzi, kenako mzere onse mpaka khungu lapamwamba kulekana ndi lapansi, matuza aja nde amenewo. Si zidzolo wamba zongoyabwa ayi, khungu limakhala likufa ndithu ndipo limapweteka.

Choyamba kumbukirani mankhwala amene mwayamba m'masabata 8 apitawa. Odziwika ndi Bactrim, Fansidar, nevirapine (amodzi mwa ma ARV), allopurinol (a nyamakazi yotchedwa gout), komanso a khunyu monga carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin. Kenako onani mkamwa, mmaso ndi kumaliseche, musachite manyazi apa chonde, zilonda zikakhala malo amenewa osamwanso pilisi lina, nyamukani tsiku lomwelo. Ngati ndi ma ARV kapena a khunyu musangosiya nkukhala pakhomo, adokotala ndi amene akusinthireni ena.

Tengani mapaketi onse, ngakhale ogula pa golosale, ndi kabuku ka kuchipatala. Pa helesi senta auzeni tsiku lomwe munayamba kumwa, poti odwala otere amafunika kugonekedwa kuchipatala chachikulu ngati cha pa boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, nthawi zina mpaka ku Kamuzu Central.

Panjira mfunditseni wodwalayo nsalu yoyera yofewa chifukwa khungu losupuka limataya madzi ndi kutentha msanga, ngati akutha kumeza azimwa madzi pang'onopang'ono. Matuza osaboola. Zitsamba, phulusa, Colgate, zonsezi ayi, pabalapo majeremusi amalowa mosavuta. Poyeza kukula kwa malo osupukawo, chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lake, malowo akapyola 30 peresenti amati toxic epidermal necrolysis ndipo imapha.

Maso nde musawaiwale, pemphani awaone msanga, ena amachira khungu koma maso nkuwonongeka. Mlamu wanga anatuluka patatha sabata zitatu, ndipo pachikuto cha kabuku kake anamwino analembapo Bactrim ndi zilembo zikuluzikulu. Inunso muwapemphe alembe, mankhwala amenewo asadzamwenso moyo wake onse.