Tinyumba ta Khrisimasi tija, osangolumikiza kumagetsi

Amene mwayamba kutolera tinyumba ta Khrisimasi toyaka mkati tija, ndikuuzeni msanga musanaotche kanu ngati ine. Tambiri ta Department 56, kampani ya ku Minnesota yomwe inayamba kugulitsa tinyumba totchedwa Snow Village mu 1976, timabwera ndi babu la magetsi a ku America a 120 volts, pomwe kuno ku UK ndi 230, chimodzimodzi kumudzi. Ine ndinagula katchalitchi pa intaneti nkungosintha pulagi basi, babu linangoti phuu, chipinda chonse fungo la waya wopsa. Chotsani chingwecho mulowetse ka LED ka batire pabowo lakumbuyo, sikatentha ndiye thonje lomwe mwayala ngati sinowo silingagwire moto.

Poyala musangondandalika tonse pathebulo ngati tomato pamsika, takumbuyo sitioneka. Ine ndimadula styrofoam ya mukatoni ya TV nkusanja ngati masitepe, katchalitchi pamwamba, timashopu mmunsi, mawaya ndimabisa pansi pake. Komanso ta Lemax, kampani inanso ya tinyumba totere, nthawi zambiri timachepako pang'ono poyerekeza ndi ta Department 56, tiikeni kumbuyo tizioneka ngati tili patali.

Ine tomwe timanditengetsa mtima ndi ta njerwa zofiira ta machumuni awiri, tofanana ndi nyumba zakalekale za mumsewu mwathu muno, mpaka akazi anga amandiseka kuti ndikumanga mudzi koma kwathu ndilibe ndi maziko omwe. Muzisaka mu Januwale kuma charity shop mitengo itagwa, ndipo katoni yake osataya, chumuni sichichedwa kuthyoka posunga.