Kuyeza kuchepa kwa ma electron mu ionosphere pa nthawi ya kadamsana wa dzuwa

Kuyambira pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 mpaka 1,000 kumwamba kuli gawo la mlengalenga lotchedwa ionosphere, kumene kuwala kwa dzuwa kwa mtundu wa ultraviolet ndi X-ray kumathothola ma electron, tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ku tizigawo ta mpweya. Mwezi ukaphimba dzuwa, kuthothola kuja kumachepa kwambiri pomwe ma electron amene analipo kale akupitiriza kubwerera ku ma ion, ndiko kuti tizigawo timene anathothokako, motero chiwerengero chawo chimatsika. Munthu amene ali ndi kompyuta, intaneti ndi kuleza mtima angathe kuyeza kutsikaku, chifukwa masetilaiti a GPS amapereka zofunikira zonse tsiku ndi tsiku.

Chimene mukuyeza ndi TEC, ndiko kuti chiwerengero cha ma electron onse amene uthenga wakumana nawo m'njira kuchokera ku setilaiti kufika pa chipangizo cha pansi. Muyezo wake ndi TECU, ndipo TECU imodzi ndi ma electron 10^16 pa sikweya mita. Setilaiti ya GPS, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi awiri, pa L1, wa 1575.42 MHz, ndi pa L2, wa 1227.60 MHz. Ma electron amachedwetsa L2 kuposa L1, ndipo kusiyana kwa masentimita pafupifupi 10.5 pakati pa mtunda woyezedwa ndi L1 ndi woyezedwa ndi L2 kumaimira TECU imodzi.

Yambani ndi kusankha kadamsana amene njira ya mthunzi wake mukuidziwa bwino, monga wa pa 21 Ogasiti 2017 amene anadutsa dziko la United States, kapena wa pa 8 Epulo 2024 amene anadutsa Mexico, United States ndi Canada, ndipo nthawi zonse muzizilemba mu UT, nthawi imodzi ya dziko lonse yoyezera ku Greenwich. Kenako tengani mafayilo a RINEX, osunga miyezo ya GPS, a masiteshoni olandira uthenga a bungwe la International GNSS Service, amene amapezeka kwaulere ku CDDIS, nkhokwe ya pa intaneti ya NASA, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi muyezo pa masekondi 30 alionse. Sankhani masiteshoni a pakati pa mthunzi, a m'mphepete mwake, ndiponso amodzi kapena awiri akutali kumene kadamsanayo sanafikeko.

Mu fayilo iliyonse muli muyezo wa code ndi wa phase. Wa code umapereka mlingo weniweni koma umadumphadumpha, pomwe wa phase ndi wosalala koma sudziwika poyambira pake, choncho muyenera kukweza kapena kutsitsa mzere wa phase kuti ukhale pakati pa mzere wa code. Chotsaninso kuchedwa kumene kumabadwira m'zipangizo za setilaiti ndi za pansi, ndipo tayani miyezo ya setilaiti imene ili m'munsi mwa madigiri 30 kuchokera pamene thambo lakumana ndi dziko. TEC yopendekekayo muisinthe kukhala yoongoka poganiza kuti ma electron onse ali pa makilomita 350. Kuphimbika kwa dzuwa muwerengere pamalo pamene uthenga waboola mtunda umenewo, osati pamene pali siteshoni, chifukwa malo awiriwa angatalikirane makilomita mazana angapo.

Gawo limene ine ndimaliona lofunika koposa onse ndi kusankha masiku oyerekezera. Ionosphere imasintha yokha tsiku ndi tsiku, makamaka kufupi ndi equator, ndipo munthu wopupuluma amanamizira kadamsana zimene zachitika chifukwa cha namondwe wa maginito. Tengani masiku angapo a pambuyo ndi a patsogolo pa kadamsanayo, yang'anani muyezo wa Kp, wa kusokonezeka kwa maginito a dziko, umene umayambira pa 0 kufika pa 9, ndipo musunge okhawo amene anali abata, monga amene Kp wake sanapitirire 3. Poyerekeza setilaiti imodzi pa masiku osiyana, kumbukirani kuti setilaiti ya GPS imabwerera pamalo ake akale kukadali mphindi pafupifupi 4 kuti maola 24 akwane, ndiye mizere yanu muisunthe ndi mphindi zimenezo tsiku lililonse. Ngati siteshoni yakutali ija nayonso yaonetsa kutsika pa ola lomwelo, chimene mwapezacho si cha kadamsana.

Mukachotsa mzere wa masiku abata pa mzere wa tsiku la kadamsana, mudzaona chigwa chimene chimatsika pang'onopang'ono n'kukweranso mochedwa. Pansi penipeni pa chigwacho nthawi zambiri pamafika patapita mphindi zingapo dzuwa litaphimbika kotheratu, ndipo kuchedwaku mulembe mosamala pa siteshoni iliyonse. Gwero lake n'lakuti gawo la m'munsi la ionosphere, lotchedwa E, limataya ma electron msanga chifukwa mpweya wake ndi wothithikana, pomwe gawo la pamwamba lotchedwa F2, limene lili ndi ma electron ambiri, limawataya pang'onopang'ono ndipo limalandirako ena ochokera kumtunda. TEC sifika pa mlingo wa usiku, popeza mdima wa kadamsana ndi wa mphindi zochepa, komanso corona, mpweya wotentha wozungulira dzuwa, imapitirizabe kutumiza ultraviolet kuchokera m'mphepete mwa mwezi.

Amene ali ndi masiteshoni ochuluka angafufuzenso timafunde ting'onoting'ono timene timabisala m'chigwacho. Mthunzi wa mwezi umathamanga kuposa liwiro la mawu, ndipo mu 2017 ofufuza a ku MIT Haystack Observatory, pogwiritsa ntchito zipangizo pafupifupi 2,000, anaona mafunde mu ionosphere ofanana ndi amene bwato limapanga likamang'amba madzi. Kuti muwaone, chotsani kusintha kwapang'onopang'ono pa mzere uliwonse, kenako zotsalazo muziike pa mapu mphindi ndi mphindi motsatira njira ya mthunzi.