Mmene mungasinthire deti ya kalendala yakale kuti ikhale ya masiku ano

Ana a fomu 4 kuno ku Kasungu akamawerenga za Russia amasokonezeka, buku lina likuti a Bolshevik analanda boma pa 25 Okutobala 1917 pomwe lina likuti pa 7 Novembala, ndiye mwana amangoti limodzi lanama. Onse akulondola, ndi tsiku limodzi lomwelo pa makalendala awiri, ndipo kuwerengera kwake sikovuta bola mutsate bwino.

Kalendala yakale, ya Julius Caesar, inkati chaka ndi masiku 365 ndi kota, ndiye zaka 4 zilizonse Febuluwale ankakhala ndi masiku 29 basi. Koma chaka chenicheni n'chachifupi ndi maminitsi pafupifupi 11, zooneka zochepa koma pa zaka 128 limakwana tsiku lathunthu, mpaka mawerengedwe a Pasaka anayamba kusemphana ndi nyengo. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza, anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala nkudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Onani kuti masiku a sabata sanadumphe ayi, zinadumpha ndi manambala okha.

Musanawerengere chilichonse yambani mwafunsa kuti nkhaniyi inalembedwa dziko liti, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Spain, Portugal ndi Poland anasintha chaka chomwecho cha 1582, choncho zolemba za Apwitikizi a ku Tete, monga ulendo wa Gaspar Bocarro wa 1616 uja anadutsa kwa Amaravi, musazikhudze, madeti ake ndi atsopano kale. Britain anakanira mpaka 1752 pomwe 2 Seputembala inatsatidwa ndi 14 Seputembala, Russia mpaka 1918, Greece 1923. Za a Livingstone ndi amishoni onse anabwera kuno zilibe vuto, pofika nthawi imeneyo kwawo anali atasintha kalekale.

Mukatsimikiza kuti deti ndi yakale, onjezerani masiku malinga ndi zaka zake. Kuyambira 1582 mpaka kumapeto kwa Febuluwale 1700 ndi masiku 10, kuchoka apo mpaka 1800 ndi 11, mpaka 1900 ndi 12, ndipo kuyambira Malichi 1900 mpaka lero ndi 13. Zimakwera choncho chifukwa kalendala ya Gregory imati chaka chothera ndi 00 chikhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha chikugawika ndi 400, ndiye 1700, 1800 ndi 1900 zinagwa koma 2000 inadutsa. Tengani 25 Okutobala ija muonjezere 13 mupeza 38, chotsanipo masiku 31 a Okutobala, yatsala 7 Novembala. Yesaninso pa bolodi ndi Isaac Newton, anabadwa pa 25 Disembala 1642, kuonjezera 10 mufika pa 4 Januwale 1643, chaka nacho chasintha.

Chinanso aphunzitsi anzanga musamaiwale kuuza ana, ku England chaka chinkayamba pa 25 Malichi mpaka 1752, ndiye deti ya Januwale, Febuluwale kapena Malichi asanafike pa 25 muonjezerenso chaka chimodzi. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, analembedwa kuti anabadwa pa 11 Febuluwale 1731, nthawi imeneyo kwawo kunali pansi pa Britain ndipo ankawerenga ngati ku England, mukayika masiku 11 ndi chaka chija mupeza 22 Febuluwale 1732, yomwe ili m'mabuku ambiri lero.